Mkono wa Kumanzere

Uthenga unalowa cha m'ma leveni usiku,
nditavula kale magalasi, mvula ya ku Porto
ikukanda zenera ngati mphaka wofuna kulowa.
Ndinawavalanso.

"Mayi Graciete, chikhoti chafika,
koma ndikufuna kubweza.
Munalemba kuti chilibe chilema."

Chilibe chilema, inde, ndinalemba ndine,
ndi chala chimodzi ichi, Lachitatu lapitalo.
Ubweya weniweni, mabatani onse asanu ndi limodzi alipo,
mwini wake anali mmodzi, wosasuta fodya.
Ndinachijambula kanayi pachitseko cha kabati.
Mayuro makumi anayi, ya positi payokha.
Pansi penipeni ndinawonjezera
monga anandiphunzitsira mdzukulu wanga Dinis:
Ndine munthu wamba, si sitolo.
Katundu akapita, wapita.

Ndiye mtima unandikwera.
Ogula ndawadziwa miyezi isanu ndi itatu imeneyi.
Wina anabweza ketulo ataphikira tiyi mwezi wathunthu.
Wina wa ku Faro anati nsapato zikununkha mapazi,
ngati kuti nsapato zimavalidwa kumutu.
Ndinayamba kulemba yankho la minga:
Bambo Telmo, malonda ndi m'maso, zithunzi munaziona...

Chithunzi chake chinanditseka pakamwa.
Mnyamata wamtali, waima m'khitchini ku Bragança,
manja atatambasula ngati choopsezera mbalame m'munda.
Kumanja nsalu yafika bwinobwino pachikhatho.
Kumanzere dzanja lili pamtetete, wotchi yonse ikuoneka.
"Ndayeza. Wafupika ndi masentimita asanu ndi awiri."

Ndinakhala pansi.

Asanu ndi awiri. Ndinadula ndine.
Chaka chomwe makina osindikizira mabuku
anamudya Amândio zala ndi theka la chikhatho,
atatuluka m'chipatala nsalu inkalendewera
ngati lilime la galu wotopa,
iye n'kuti, kutchalitchi sindipita chonchi.
Ndinapinda usiku womwewo ndi ulusi wabuluu
chifukwa wakuda unali utatha.
Kenako majekete, malaya, majuzi onse,
zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikufupikitsa kumanzere,
mpaka diso langa linaphunzira
kuti mwamuna amakhala choncho.

Ndinachisita chikhoticho, ndinachipinda,
ndinachiika m'katoni ndi manja angawa,
osaona kanthu.

Minga ija ndinaifufuta chilembo ndi chilembo.
Pafoni pali batani lobiriwira loti Vomerani,
lina lotuwa loti Kanani,
ndi kabokosi kofunsa chifukwa.
Pa zifukwa zawo zisanu panalibe changa.
Ndinasankha choti katundu sanafotokozedwe bwino.
N'zoona.
Sindinamufotokoze bwino.

Ndalama ndinabweza, ya positi yomwe,
mayuro ena asanu ndi imodzi
amene Dinis adzandikalipira Lamlungu.
Telmo analembanso: "Pepani povutitsa, mayi.
Ndi chikhoti chofunda. Ndinachikonda."
Ndinalemba kuti, mwini wakenso ankachikonda.
Ndinafufuta.
Ndinangoti zikomo, tumizani.

Chafika lero m'mawa.
Wachimata selotepi yambiri mnyamatayo,
ndalimbana nayo ndi mpeni wa buledi.
Chikununkha utsi wa nkhuni za kumapiri kwawo,
kumene Amândio ankati tidzapita akapuma ntchito.
Chikhoti chapita chokha, n'kubwerako.

Tsopano foni ikufunsa
ngati ndikufuna kuchiikanso pamsika.
Mutu ndalemba: Chikhoti cha ubweya, chachibambo.
M'bokosi lofotokozera ndalemba:
Mkono wa kumanzere ndi waufupi.
Ulusi wa m'kati ndi wabuluu.
Chingamukwane munthu amene...

Pamenepo ndaima.
Khofi wazizira pambali pa katoni.
Mtengo sindinaikebe.