Fomu ya Fatsani

Anandipeza Lachiwiri, mayi Nankhoma a ku ofesi yoona za ana,
fumbi la msewu wa Khombedza lili mbuu m'nsidze.
Ine n'kuti ndikumata chubu kuseri kwa depoti,
guluu akundiumira m'zala.

Akuti boma lakhala pansi, lalemba pulani:
mwana azikulira pakhomo pa abale ake,
nyumba za ana amasiye zikhale pousa mvula chabe,
ikakata, aliyense kwawo.
Anatulutsa fomu ya masamba anayi.

Zipinda zingati? Ziwiri, china chimadontha.
Mumapeza zingati patsiku?
Mayi, funsani njinga zamoto
zimene zatilanda anthu pa Kamuzu Road,
ife akabaza opalasa tatsala ndi matumba a makala.
Mumamwa?
Ndinayamba chaka chimene ndinakamusiya.
Ndinaleka dzinja lapitalo.
Analemba zonse, osandiyang'ana.

Funso lomaliza linali ndi mizere iwiri yokha yoyankhapo:
Munamuperekeranji?

Mizere iwiri!
Esinati angakwanemo bwanji,
mmene anapita pachipatala cha boma usiku wa Lachisanu,
kundisiyira khanda la miyezi isanu ndi itatu
ndi chitini cha mkaka chodula kuposa matayala awiri?
Ndinam'bereka ndekha ndi chitenje cha amake,
amuna anzanga akuseka pa siteji,
ndinapalasa mpaka pageti lobiriwira lija.
Pobwerera njinga inapepuka
moti ndinagwa nayo kawiri.

Lembani kuti njala, ndinatero.
Analemba, mpata n'kutsalabe.

Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Ndikapita kukamuona amandipatsa moni atapinda manja
ngati ndine mlendo wobweretsa mabulangete.
Tsiku lina anafunsa mlezi wake:
amalume akabaza aja abweranso liti?

Pulani ikuti padzakhala kandalama ka mwezi ndi mwezi,
yunifolomu, ndi mlangizi wodzationa
mpaka mwana atazolowera.
Ndinafunsa: nanga mafuta a njinga yanuyi alimo m'pulanimo?
Anaseka, kenaka analeka.
Akuti ulendo uno athira a m'thumba mwawo,
za bajeti adzamva mwezi wa Epulo.

Ndinaganiza za bedi lake la kumeneko,
nsapato, mazira Lamlungu lililonse.
Kwanga kuli mphasa ndi mlongo wanga Tiyanjane
amene walonjeza kusamukira kuno akakolola mtedza.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero,
koma wapamphunoyo ndi uti, pulaniyi kapena mazira aja?

Ndinasayina, chala chomata guluu chikukakamira cholembera.

Madzulo ndinapita kwa Yotamu wowotcherera zitsulo.
Zopondera za kumbuyozi, ndinati, zikwezeni pang'ono.
Anafunsa kuti mpaka pati.
Ndinaloza ndi dzanja, n'kutsitsa, n'kukwezanso.
Sindikudziwa kutalika kwa miyendo ya mwana wanga.