Maliro a Usiku ku Valparaíso

Kuno ozimitsa moto timawaika usiku.
Ndiye ndakhala pano, Nibaldo, kudikira dzuwa lilowe m'nyanja,
monga ndadikirira zaka makumi asanu ndi ziwiri.
Lero lokha ndi pomwe ndikudziwa komwe uli.

Ndinakwatiwa pamitala osadziwa.
Mkazi mnzanga anali sayirini ya kumunsi kudoko.
Iye akangolira, supuni inkatsala m'mbale,
malaya kuvalira panjira,
masitepe zana limodzi ndi makumi atatu a phiri lathu
kuwatsika ngati mbuzi yoduka chingwe.
Tsiku lobatiza Ximena unatuluka m'tchalitchi
wansembe madzi ali m'manja.
Unabwera m'mawa nsidze zitapserera,
ukununkha matiresi a anthu ena.

Ankakulipira ndani?
Wolipira unali iwe, mwezi ndi mwezi,
kutapa pa tindalama tosokera nsapato
kuti dzina lako lisafufutike m'kaundula.
Loweruka kuima pamphambano ndi chitini,
kupempha a m'magalimoto zogulira mapaipi,
iwe amene sunkatha kubwereka ngakhale mchere kwa mnansi.

Chaka cha chivomezi unapita kumwera milungu itatu
kukafukula anthu osawadziwa ndi zala.
Unati dziko lathu ndi lalitali ngati chingwe,
likapsa kunsonga, kunsonga inayo kumanjenjemera.
Ine ndinati chingwe sichidyetsa ana.

Kenaka mphepo inabweretsa moto paphiri lathu lomwe.
Iwe unali tsidya lina la chigwa, paipi ili m'manja,
pakhomo pa anthu amene sitinadyepo chawo.
Anzako ndiwo anandiuza kuti unaliona denga lathu likugwa,
malata obiriwira aja unapenta wekha,
ndipo sunasunthe phazi.
Makina anga osokera, chithunzi cha ukwati, ndolo za amayi.
Miyezi iwiri sindinakulankhule.
Chakudya ndinkangokukankhira
pathebulo la m'sukulu momwe anatisunga.
Sunapepese. Ndikanakupeputsa ukanapepesa.

Za amene unawatulutsa amoyo sunkakamba.
Mmodzi yekha unkamutchula kutulo:
kamnyamata ka kwa Arancibia kamene unakapeza mochedwa
kuseri kwa chitseko.
Unakazindikira ndi nsapato.
Chidendene chake unali utakhoma ndiwe Lachiwiri lapitalo,
mayi ake asanamalize n'kulipira komwe.

Mawondo atakana, sunasiye.
Unkapita kukapukuta belu, kuyanika mapaipi,
kuwiritsira tiyi ana obadwa dzulo aja,
kuwasokera jombo ulere uku ukuwakalipira
kuti amaponda ngati ng'ombe.
Mamendulo ako ali m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi mabatani.
Kawailesi kokha ndiko kankagona pansi pa pilo,
kakunong'ona pakati pathu usiku wonse.

Tsopano kwada.
Miuni yayaka, mzere wautali kukwera kumanda,
zisoti zikunyezimira, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono.
Bokosi lako lili pamwamba pa galimoto yofiira,
iwe amene unkangolendewera kumbuyo kwake.
Pachipata akuitana nambala yako pawailesi.
Kamodzi. Kawiri.
Kachitatu ndagwira pakamwa, kuopa kukuyankhira.

Ndiye uyo,
kumunsi kudoko, mkazi mnzanga wayamba.
Si kulira maliro ayi, mawu ake ndimawadziwa.
Kwafiira paphiri la kumpoto.
Ana ako aja aima chilili, miuni ili m'manja,
mapazi akuwayabwa m'jombo zosoka iwe,
onse maso pa ine.
Mtsogoleri wawo, Yasna, mtsikana wamng'ono kwa Ximena,
wavula chisoti, mawu amusowa.

Ndati, Mutsitseni apa.
Galimotoyo si ya akufa.
Thamangani, mukuyang'ana chiyani?

Atsetsereka, belu likulira, utsi wa miuni uli m'mbuyo.
Tatsala ine, Ximena, wansembe ndi madoda anayi a ndodo,
ndi iwe, pamabenchi awiri, pansi pa nyenyezi.
Usadandaule, mwamuna wanga, abwera.
Mwina m'bandakucha, akununkha matiresi.
Khala pompo.
Nawe ulaweko kudikira.