Pafupifupi

Ine ntchito yanga ndi kaundula.
Ndimakhala kunsi kwa chipatala, kuchipinda chozizira,
komwe jenereta imatsokomola usiku wonse.
Akabwera nawo pamachira ndimafunsa dzina.
Pakasowa wotchula dzina
ndimalemba mtundu wa malaya.

Lachiwiri ndinalemba makumi awiri ndi atatu.
Bomba linagwa pamzere wa buledi kwa Tawfiq
kutatsala maola asanu kuti mfuti zikhale chete
monga anapanganirana akuluakulu kuhotela yakutali.

Madzulo ndinatsegula wailesi.
Yakutsidya kwa mtsinje inati
anthu pafupifupi makumi awiri amwalira.
Amwalira!
Ngati chifuwa chinawatenga nyengo yachisanu,
ngati anatsanzika bwinobwino, ana atazungulira bedi.
Yakwathu kuno inati makumi anayi aphedwa mwankhanza.
Ndinadzuka ndi tochi, ndinayenda shelefu ndi shelefu
kufunafuna khumi ndi asanu ndi awiri enawo.
Sindinawapeze.

Pafupifupi ndi dzenje lakuya.
Mwagwera Sulafa wosoka madiresi aukwati,
singano ikadali pakolala,
mwagwera Wadi wogulitsa maolivi pa wilibala,
mwagweranso bambo wa jekete yobiriwira
amene mpaka lero palibe wabwera kudzamufunsa.

Pali mtolankhani, Marit, amandiimbira kuchokera kumpoto.
Ndi munthu wabwino, amayamba wafunsa ngati ndadya.
Koma anam'patsa mphindi imodzi ndi theka
ndipo mkonzi wake amakonda mawu oti akuti.
Akuti chipatala chati,
zomwe sitinathe kuzitsimikiza.
Bwera udzatsimikize, Marit,
uvale juzi, kuno kumazizira.
Ndikudziwa, msewu anatseka.

Ndisadziyeretse.
Lachinayi m'mawa mnyamata anatsika masitepe,
bandeji kumutu, phazi limodzi lopanda kanthu.
Anati ndine Ghassan, ndabwerera nsapato yanga.
Ghassan, nambala khumi ndi zinayi.
Mayi ake anazindikira nsapato pakati pa fumbi,
anakomoka, ine ndinalemba munthu.
Iye nthawi yonseyo ali gone kukiliniki ya masisitere.

Ndinatenga lula, ndinadula mzere wowongoka.
Makumi awiri ndi awiri.
Dzanja linanjenjemera ndi chimwemwe,
koyamba chiyambire ntchitoyi.

Ndinaimba ku ofesi ya boma.
Siya momwemo, anatero, nambala inapita kale,
ukachotsa mmodzi adzati onse ndi abodza.
Ndinaimbira Marit. Anakonza,
timalemba ting'onoting'ono kunsi kwa tsamba.
Pofika usiku yakutsidya inali italawa kale:
chipatala chavomera kuti chinakokomeza.
Mwana mmodzi wamoyo
anafufuta mitembo makumi awiri ndi iwiri
m'makutu a anthu amene akudya chakudya chamadzulo.

Lero ndi Loweruka, tsiku lachinayi la bata.
Ana atuluka, akutola zitsulo mumsewu,
mzikiti waitana, belu la tchalitchi layankha,
wina wafulula khofi pakhonde lopanda nyumba.
Ndipo masana ano atsitsa Lubna kuchokera kuwodi,
mphunzitsi wa masamu,
amene wasunga kachitsulo ka Lachiwiri m'chiwindi
masiku anayi osadandaula.

Mawailesi onse awiri lero agwirizana:
pangano likugwira,
chiyambire bata palibe wafa.

Ndimuika kuti tsono?
Nkhondo yatseka buku lake,
mtendere sufuna kuyamba ndi maliro.
Iye akanandiuza, ankadziwa kusunga nambala yotsala
pambali, mpaka itapeza malo.

Inki yauma ndi kuzizira.
Ndaika cholembera m'khwapa kuti chifunde.
Ndimulemba patsamba la Lachiwiri lomwelo,
dzina lonse, la bambo ake ndi la agogo ake,
kunsi kwa mzere wa Ghassan.

Makumi awiri ndi atatu.
Marit akaimba adzati nambala sinasinthe.