Disiki Imodzi, Malilime Awiri

Ku Narva chipale chofewa chakhala chikugwa chiyambire Lachiwiri.
Arkadi analowa ndi laputopu m'khwapa,
ndevu zili mbuu, nsapato zikudonthera pa kapeti wanga.
Ntchito yake n'kujambula maukwati;
atatu akudikira mavidiyo awo pofika Loweruka.
M'Chiesitoniya chake chotsimphina anati:
"Mayi Külli, disiki iyi... ili ndi mitima iwiri."

Ndinayatsa Windows, n'kuyesa liwiro.
Mamegabayiti zikwi zitatu ndi mazana anayi pa sekondi,
kamzere kobiriwira kanangoti psiti, kafika.
Ndinazimitsa. Ndinayatsa Linux pa makina omwewo,
disiki yomweyo, soketi yomweyo, chala changa chomwecho:
mazana asanu ndi limodzi basi,
kukwawa ngati basi ya ku Tallinn pa msewu woterera.

Mulibe mbale yozungulira muno, mulibe singano,
mulibe choti nkutcherera khutu n'kumva kudwala kwake.
SSD imadwala mwakachetechete.

Ndinayamba kukayikira kutentha.
Tisikuluwu tisanu ndi tiwiri ndinatiponya m'kapu youma ya khofi,
ndinauzira fumbi mpaka kuyetsemula,
feni inapuma bwino. Liwiro osasintha.
Ndinakayikira misewu inayi yopita ku ubongo wa makina,
mwina iwiri yatsekeka. Ayi, yonse ili yotseguka.
Ndinailamula isese tizipinda
momwe munkagona mafayilo ofufutidwa kalekale.
Inasesa. Osasintha.
Kenako tulo: Linux amakonda kuigoneka disiki
kuti batire ikhalitse. Ndinaletsa tuloto.
Manambala anakwera pang'ono chabe,
ngati munthu wodzutsidwa pakati pa usiku
amene sakudziwa komwe kuli chitseko.

Cha m'ma folo kunja kunali kutada kale.
Foni ya Arkadi inalira,
mlongo wake, wa kutsidya kwa mtsinje.
Ndiye mukanamumva!
Chirasha chili thithithi ngati mbuliwuli m'chiwaya,
nthabwala pamwamba pa nthabwala, manja m'malere,
phwete lofika mpaka pa windo.
Munthu yemweyu, amene pa kauntala panga
amafunafuna liwu lililonse
ngati kiyi wotayika m'matumba a jekete.

Ndinangoti chilili, sikuludiraiva m'dzanja.

Ndinabwerera pa sikirini, n'kufunsa funso lina:
osati "wadwala chiyani?" koma "akukulankhula bwanji?"
Disikiyo inalembedwa m'kalembedwe ka Windows,
ndipo Linux ankaiwerenga kudzera mwa womasulira wachikale
amene amanyamula chiganizo chilichonse,
kutuluka nacho pakhomo, kukachitembenuza panja,
kubwera nacho, kugogoda, kupereka,
kenako kutenganso china.
Disiki sinali yaulesi.
Inkangodikira kuti aimve.

Mzere umodzi ndinausintha m'fayilo ya malamulo,
kuchotsa womasulira wa panja
n'kuika wokhala m'nyumba momwemo.
Kuyatsanso. Kudikira. Mtima uli dididi.
Zikwi ziwiri ndi mazana asanu ndi atatu.

Arkadi anawerengera pa zala, n'kukwinya nkhope.
"Nanga mazana asanu ndi limodzi otsalawo, apita kuti?"
Ndinaloza ndi chibwano kumene kuli mlatho.
"Aliyense wowoloka amasiyako kenakake."
Sanaseke. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono,
maso ali pa kamzere kobiriwira
kakunyamula mkwatibwi wina wa velo lalitali
kuchoka foda iyi kupita inayo.

Potchula mtengo ndinayesa Chirasha,
chija ndinachisiya m'kalasi zaka makumi awiri zapitazo.
Lilime linalemera ngati lanyowa simenti.
Mayuro makumi atatu ndi... ndi...
liwu la "zisanu" linandithawa.

Iye sanandithandize, sanandifulumizitse.
Anatsamira kauntala, chikwama chili chotsegula,
chipale chikusungunuka pa mapewa ake,
n'kundidikira.