Choko cha Dokotala Nankwenya

Zaka makumi awiri ndikusoka pakhonde ku Limbe,
dzuwa limandipeza malo amodzimodzi:
kuseri kwa khutu lamanzere,
pamene chipewa chimathera.
Khungu langa ndi lachialubino, silikangana ndi dzuwa,
limangolandira.
Pamenepo panamera kankhanambo.
Ndikakatokosa, kankabwerera.
Mayi a kunyumba ankati ndi chipere.

Lachinayi, ku Gulupu,
Dokotala Nankwenya anadontheza mafuta,
nakhazika kagalasi kozizira pabalapo.
Tembenukani muone, anatero.

Pakanema panali khungu langa, lopanda mtundu,
ngati madenga a Ndirande ukawaonera paphiri,
nyumba iliyonse ndi kampanda kake.
Anatsetsereka pang'ono.
Apa mipanda inali itagwa,
timadontho titaunjikana ngati anthu pa depoti
minibasi zikasowa mafuta.
Awa ndiwo, anatero. Khansa.

Ine ndinaloza pamene panali nkhanambo.
Iye analoza patali, chala chimodzi kutsogolo,
pamene ndi maso panali posalala.
Chikomekome cha mkuyu.

Kenako anatenga cholembera
nayamba kuzunguliza mzere.
Ndinaseka, khutu lili dzanzi.
Mukuseka chiyani, a Malikebu?
Ndinati, ntchito yangatu iyo.
Nanenso sindidula nsalu ya mwini
ndisanaike choko.

Leza — no, osati ya kumwamba:
leza ya m'makina, kuwala kowonda ngati ulusi,
kogogoda tha, tha, tha,
ndipo fungo linali la ayironi
yoiwalika pa kolala.
Anaima. Anabwezera kagalasi.
Pakona pa kumunsi atsalako, anatero,
nayatsanso.
Kachitatu anayang'ana nthawi yaitali
mpaka ndinamva matayala a machira akulira m'khonde,
mwana akufunsa madzi chipinda china.
Basi, anatero. Zabwinozo tazisiya.

Ndikudziwa kusiya.
Telala wosadziwa amadula mowolowa manja,
mwini nsalu n'kupita kwawo ndi malaya othina
ndi zidutswa m'jumbo.

Mubwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi,
tidzasuzumirenso. Sindikulonjeza kanthu.
Mafuta odzola aja musaiwale.

Pa minibasi kondakitala anaona bandeji,
nati, akuluma ndani, madala?
Sindinamuyankhe.
Ndinali kuyeza m'mutu
mlomo wa chipewa chatsopano:
mainchesi asanu, khaki wokhuthala uja
anatsala pa yunifolomu za alonda a kubanki,
ndi makina anga, mawa,
kuwakokera kumene mthunzi umachedwa.