Nati pa Ulusi

Ine ndinabwera kudzaphunzira maakaunti,
kusunga mabuku a ndalama za eni,
koma pa ndandanda wa Lachinayi masana
wina anatiponyeramo fizikisi
ngati kamwala mu mpunga.

Chipinda chake chili kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi.
Okutobala wa ku Salima mumamudziwa:
malata amalira okha padenga,
thukuta limatsetsereka mpaka m'nsapato,
fani imodzi ikungopukusa mutu
ngati munthu wokana mlandu.

A Msakambewa sanalembe kanthu pa bolodi.
Anatulutsa chitini chakale cha mkaka
n'kukhuthulira patebulo manati a njinga,
ena a thirakitala, ofiira ndi dzimbiri,
ulusi, ndi matepi a atelala.
"Awiriawiri. Mangani. Kankhani pang'ono. Werengani."

Ine anandipatsa Twaibu,
wophunzira zophika za m'mahotela,
amene mchere amayeza ndi maso.
Tinakoleka ulusi pa msomali wa pazenera,
mita imodzi, nati kumapeto.
Iye chala pa foni, ine pakamwa:
kamodzi, kawiri, katatu,
kupita n'kubwera, mpaka makumi awiri.

"Ya thirakitala ithamanga," ndinatero,
"cholemera sichizengereza."
Tinabetcherana botolo la thobwa.
Chinati chachikulu: masekondi 38.
Kanati ka njinga: masekondi 38.
Tinabwereza, poti mwina foni yapenga ndi kutentha.
Ayi ndithu, chimodzimodzi.
Koma titafupikitsa ulusi
nati inayamba phuma
ngati wakabaza amene waona basi ikuima.
Thobwa ndinagula ndine.

Kenaka masamu.
Buku likuti dziko limakoka zinthu ndi 9.8,
ife tapeza 10.9.
Dzanja langa linapita lokha ku labala.
Njirayo ndimaidziwa:
zaka ziwiri m'golosale ya amalume
ndinaphunzira kugonetsa manambala bedi limodzi
ngakhale atakhala osayankhulana.

"Mukufufuta chiyani, a Nasibeko?"
Anali kumbuyo kwanga, choko kukhutu.
"Ulusi sunakunamizeni, natiyo sadya ziphuphu.
Lembani chimene mwapeza,
mukatero musake wakuba."

Tinayamba ndi fani, tinaizimitsa
anzathu n'kutitukwana ndi maso.
Tinaimba mlandu chala cha Twaibu,
iye n'kulumbira pali amayi ake
kuti dzira saliphonya ndi sekondi.
Ndipo ndinatenga tepi ija
kuti ndiyezenso, mwaulesi chabe,
n'kuona kuti ikuyambira pa teni.
Mutu wake unapita kale ndi lumo,
kaya ndi makoswe, kaya chaka chiti.
Mita yathu inali yopereŵera
ngati mbale ya wogula chimanga wakuba,
yokhomedwa pansi.

Nditakonza, 9.8 anatulukira yekha,
osamukoka khutu.
Sindinakuwe. Ndinangokhala pa sitululu,
msana uli zii,
ngati nthawi ija ndinapeza K2,000 yosowa
itamatirira kuseri kwa dirowa
mtsikana wantchito atachotsedwa kale.

Madzulo ndinadutsa pa Kamuzu Road.
Pa butchala mwendo wa mbuzi unali lendelende pa ngowe,
mnyamata ataugunda ndi phewa.
Ndinaima. Milomo inayamba yokha:
kamodzi, kawiri, katatu.
"Mugula, achemwali, kapena mukuipempherera?"
Ndinagula ya chiwindi pang'ono, kuphimba manyazi.

Lipoti ndapereka lero.
Pamwamba pali 10.9 wanga, wosafufuta,
pansi pake mzere umodzi wonena za tepi yoduka mutu.
A Msakambewa achongapo ndi cholembera chofiira
n'kundibwezera tepiyo:
"Sungani. Kumene mukupitako
mudzakumana nazo zambiri."

Ili m'chikwama, pamodzi ndi kakyuleta.
Nati ndinabweza m'chitini.
Dzimbiri lake lokha likadali m'zikhadabo.