Mipando Isanu ndi Inayi

Lachitatu lililonse, ikamati thu koloko,
ndimafunditsa makina anga chitenje,
kusiya diresi la eni lili ndi mkono umodzi,
n'kukwera kabaza pa Kamuzu Road
mpaka kuseri kwa chipatala,
m'kachipinda kosungiramo maneti a udzudzu.

Mipando yapulasitiki isanu ndi inayi, mozungulira.
Palibe tebulo lobisapo manja.
Ndinafunafuna kumbuyo, kokhala ife amanyazi,
koma bwalo lilibe kumbuyo.

Mayi Mtalika anatipatsa malamulo atatu basi:
zapano zizithera pano;
mnzako akamalankhula, lilime lako ligone;
ndipo osamuuza munthu kuti limba mtima.
Lomalizali linatikhumudwitsa tonse,
poti ndi mawu okhawo amene tinali nawo m'thumba.

Ine ndinkati akandiyeza monga ndiyezera anthu,
chifuwa, chiuno, kutalika kwa chisoni,
andidulire mawu ondikwana.
Koma mayiwo ankangofunsa,
"Enanu, mwazimva bwanji zimene wanena mnzathuyu?"
n'kukhala duu,
ngati wodikira minibasi kuti idzaze.

Sabata yoyamba tinakamba za kutentha kwa Salima.
Yachiwiri Twaibu anati tikungotaya nthawi.
Esinati anati, nanga bwanji umafika woyamba ndiwe?
Tinaseka kuseka kwadzimbiri.

Yachinayi, Asiyatu wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu
anati, "Ine ndimachapabe yunifolomu yake.
Ndimayanika m'nyumba, kuopa pakamwa pa anthu."
Ndinamva ngati wina wandipisa m'thumba.
Pakuti pansi pa makina anga
pali kabudula wakhaki amene ndinadula mu Epulo,
wa mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu
amene sadzakwanitsa zisanu ndi zinayi,
ndipo usiku ndimamasula mpendero
n'kuwonjezera pang'ono,
poti ana amakula.

Sindinanene tsikulo.
Ndinanena sabata inayo,
maso ali pa nsapato za Che Bwanali zong'ambika kuchala.
Palibe anagwira pakamwa.
Palibe anatchula misala.
Twaibu yekha anafunsa, "Wafika mainchesi angati?"
Ndinati atatu.
Iye anati, "Wanga bwenzi pano akumeta ndevu,"
ndipo anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

Kenaka Lekeleni anasiya kubwera.
Wina anadzuka kuti achotse mpando wake.
Mayi Mtalika anati, tausiyani kaye,
ukukuuzani chiyani mpandowu?
Esinati anaphulika:
"Mipando yopanda anthu tili nayo kale kunyumba,
tidzaipezenso kuno?"
Tsikulo tinakwiya mokweza,
kukwiyira Lekeleni, madokotala, mvula ya chaka chija,
ena mpaka Mwini wake kumwamba,
ndipo denga silinagwe.

Akuti m'mabuku zonsezi zili ndi mayina ataliatali.
Ine sukulu yanga ndi nsalu.
Ndimadziwa kuti chong'ambika sichidzisoka chokha,
kuti chigamba sichifanana ndi malaya
koma chimagwira,
ndipo chimachokera pa nsalu ina yodulidwanso.

Masabata khumi ndi awiri anatha.
Panalibe satifiketi, panalibe wojambula.
Tinasanjikiza mipando pakona, wa Lekeleni pamwamba,
aliyense n'kulowera kwake.
Sindinachire, ngati kuchira ndi kuiwala.
Kabudula akadalipo.
Mpendero ndimaukhudzabe, koma lumo ndinabisa.

Lolemba lapitali Asiyatu anaima pakhonde panga
ngati kasitomala wamba.
Anatulutsa yunifolomu m'jumbo, yofumbutuka ndi kuchapa,
nati, "Muichepetse m'chiunomu,
avale mwana wa mng'ono wanga."
Tinanenerera mtengo monga achitira anthu.
Za Lachitatu sitinatchule.
Atapita ndinanyowetsa ulusi ndi malovu,
ndinaphonya diso la singano kanayi konse,
kachisanu unalowa.